Khadi la Inki Yobiriwira

M'katoni ya nsapato, pansi pa bedi la bambo kuno ku Hexham,
muli timakhadi zikwi zitatu, tonse ta mawu.
Zaka makumi anayi bambo anali mlenje,
wolondola mapazi a liwu mpaka kuuna kwake:
ili ndi la ku Roma,
ili linabwera pangalawa ndi ankhondo akumpoto,
ili tinabwereka kwa Afalansa, sitinabweze.

Koma khadi limodzi linkawasowetsa tulo.
Champ, analemba pamwamba ndi inki yobiriwira.
M'munsi mwake, chomp, mng'ono wake,
amene anakakulira kutsidya la nyanja, ku Amereka,
n'kubwerako atanenepa, akuyankhula mokweza kuposa mkulu.
Tanthauzo: kutafuna kosabisa,
kukukuta koti wa chipinda china adziwe kuti wadya.
Kwawo: apa panali mpata woyera.
Kenako ndi pensulo, timalemba tamanyazi:
mwina ndi phokoso chabe.

"Liwu lopanda mwinimbumba," ankadandaula,
"lobadwira m'kamwa, mano ndiwo anali azamba."

Patebulo pathu liwulo linali mlandu.
Mayi ankagogoda mbale ndi supuni:
"Hester, tseka pakamwa, sitili m'khola."
Ndinaphunzira kumeza karoti mwakachetechete
ngati munthu womeza chinsinsi.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, Loweruka lina lozizira,
bambo ananditengera kukhola lenilenilo,
la Isobel Dodd, kuseri kwa njanji.
Hatchi yake yakuda inali itamangidwa kale,
ikufuna ulendo, mwiniwake akuchedwa ndi nkhani.
Inkaluma chitsulo cha m'kamwa, kuluma, kulumanso,
thovu likudontha, nthunzi ikutuluka m'mphuno.
Bambo anagwada m'matope ndi buluku la kutchalitchi.
"Tamvera," anatero. "Usandimvere ine. Mvera iyo."
Ndinamvera.
Nsagwada zinkatchula liwulo bwino kuposa aphunzitsi.
Pobwerera anandigulira apozi
n'kundilola kumudya mmene ndikufunira
mpaka pageti pathu.

Sitiroko inabwera mu Febuluwale, m'mawa, ketulo ili pamoto.
Mawu anasamuka m'mutu mwa bambo
ngati alendi othawa ngongole usiku.
A ku Roma anatsogola. A Afalansa anatsatira.
Dzina langa linakakamira sabata ziwiri, nalonso linapita.
Tsopano amakhala pawindo, bulangete m'miyendo,
akuyang'ana mvula ikutsuka madenga.
Namwino akuti zofewa zokhazokha:
phala, msuzi, mbatata yopota.
Zakudya zosalankhula.

Dzulo ndinaphwanya lamulo.
Ndinadula apozi wolimba, wowawasa,
wa mumtengo wa kuseri umene mayi anabzala,
ndinaika kachidutswa m'dzanja lawo labwinolo.
Anakayang'ana nthawi yaitali.
Kenako analuma.

Nyumba yomwe inali zii kwa miyezi isanu ndi itatu
inadzaza.
Mbali imodzi yokha ya nsagwada ndiyo imagwira ntchito,
koma inagwira,
madzi akutsikira m'chibwano, pakamwa pali yasa,
ndipo panalibe wogogoda mbale.
Anaima pakati. Anatchera khutu kwa iwo eni.
Analumanso, dala, mwamphamvu,
maso ali pa ine ngati tsiku lija m'matope.

Ndinakoka katoni ija, ndinapeza khadi,
ndinatenga chofufutira
kuti ndichotse liwu limodzi lokha, mwina,
poti umboni unali utakhala pampando pamaso panga.

Dzanja lonata ndi apozi linagwira mkono wanga.
Anapukusa mutu pang'onopang'ono.
Mlenje salumbira pa nyama imene sanaione ikubadwa.

Ndabwezera khadi m'malo mwake, mwina wake ali pomwepo.
Pangodya pali chidindo cha chala, chomata.
Mawa ndikagula karoti,
zaziwisi.